Mpeni wopinda woyenda nawo m'thumba: ndiitanitse uti?

Funso lachokera kwa alangizi a zaulimi ena a kumbali ya ku Bembeke, m'boma la Dedza. Akuti m'mawa amakhala m'minda ya alimi, masana pamsonkhano ku boma, Lamulungu kutchalitchi atavala suti. Akufuna mpeni wopinda waung'ono, wooneka bwino, woti azikhala nawo m'thumba malo onsewa popanda kuopseza anthu kapena kuboola thalauza. Mipeni imene akhala akugula pamsika akuti siyichedwa kugwedera, kenako imachita dzimbiri. Mng'ono wawo ali ku Johannesburg ndipo akubwera pa Khirisimasi; wawauza kuti atchule dzina la mpeni umene akuufuna. Atchule uti?

Alangizi, dzina ndikupatsani. Koma tiyambe tagwirizana za kukula kwake, chifukwa apa ndi pamene ambiri amasocherera. Munthu akaima pamene ayala mipeni, dzanja limathamangira waukulu, wonyezimira, wa mano kumsana. Amayenda nawo masiku ochepa, kenako umayamba kutsala pawindo, poti ukulemera, ukukoka thumba, ndipo sangautulutse anthu akuona. Tawerengani ntchito zimene mumagwiradi ndi mpeni: kudula ulusi wa thumba la feteleza, kutsegula katoni ya mbewu, kucheka mbatatesi pakati kuti mlimi aone kuwola kwa mkati, kudula luzi lomangira matimati, kusenda pichesi kapena peyala, kusongola pensulo. Palibe ngakhale imodzi mwa izi yofuna chitsulo chotalika kuposa masentimita 7. Nzimbe, nsungwi ndi nthambi ndi ntchito ya chikwanje, ndipo mpeni wa m'thumba mukaukakamiza pa zimenezi mumangouthyola msomali. Muyeso wanga ndi uwu: chitsulo cha pakati pa masentimita 5 ndi 7, mpeni wonse ukapindidwa usapitirire masentimita 10, kulemera kwake kusapitirire magalamu 60. Ukaposa apa, m'thumba la suti umaonekera kunja.

Chimene ndimayang'ana ndisanawerenge n'komwe dzina la kampani ndi kupyapyala kwa chitsulo. Anthu amaganiza kuti mpeni umadula chifukwa cha kuthwa kokha. Tengani mbatatesi yaiwisi ya ku Lizulu, muicheke ndi mpeni wakuthwa koma wochindikala kumsana: umalowa pang'ono, n'kuima, kenako mbatatesi imang'ambika ndi phokoso. Chitani chimodzimodzi ndi mpeni wopyapyala: umadutsa mwakachetechete, ndipo nkhope ziwiri za mbatatesi zimatsala zosalala. Kwa inu zimenezi si zachabe, chifukwa mukamaonetsa mlimi mzere wofiirira wozungulira mkati mwa mbatatesi yodwala, mumafuna podula poyera. Choncho msana wa chitsulo ukhale wa mamilimita 2 kapena kucheperapo, ndipo chitsulocho chiziyamba kupyapyala kuchokera kumsana komweko mpaka kokuthwa, osati chochindikala thupi lonse n'kungosongoledwa m'mphepete. Kukongola kwa mpeni waung'ono kwa ine kuli pamenepa: woonda, wosalala, wopanda ngodya zokola nsalu.

Tsopano mtundu wa chitsulo. Pali chitsulo cha kaboni, chimene agogo athu ankachidziwa, ndi chitsulo chosachita dzimbiri, chimene pa mipeni amachilemba kuti stainless, inox kapena rostfrei. Kusiyana kwake ndi chromium, mtundu wina wa chitsulo umene amasakanizamo: chitsulo chikakhala ndi chromium woposa 10.5 peresenti, pamwamba pake pamapangika kakhungu kosaoneka ndi maso kamene kamatchinga madzi ndi mpweya. Mipeni yambiri yabwino ya mtunduwu imakhala ndi chromium wa pakati pa 13 ndi 15 peresenti. Chitsulo cha kaboni chimathwa msanga pamwala uliwonse, ndipo ine ndimachikonda. Chikada pang'onopang'ono chifukwa cha madzi a zipatso, kudako si dzimbiri, ndipo kumachitetezanso. Koma inu mumakhala ku Bembeke. Tauni ya Dedza payokha ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mukudziwa mmene nkhungu imagwirira kumeneko mu June ndi July, komanso mmene zovala zimakanira kuuma m'dzinja. Onjezani thukuta la m'thumba, madzi a matimati, ndi fumbi la feteleza, limene limadya chitsulo koposa madzi wamba. Mpeni wa kaboni ukaiwalika usiku umodzi wosapukuta, m'mawa mumaupeza ndi madontho ofiira, makamaka polumikizira pamene nsalu siyifika.

Palinso chifukwa china chokhudza ntchito yanu mwachindunji. Matenda ofotetsa mbatatesi ndi matimati, aja oyamba ndi tizilombo ta bakiteriya, amayenda ndi mpeni. Mukacheka mbatatesi yodwala m'munda wa mlimi uyu, n'kukachekanso mbewu kwa mlimi wotsatira, matendawo mwawanyamula ndinu. Ndiye kuti mpeni wanu uzipukutidwa ndi sipiriti mukachoka m'munda uliwonse, ndipo nthawi zina uzitsukidwa ndi sopo. Mankhwala oyeretsera zovala aja a bulichi amaphanso tizilomboti, koma amadya chitsulo, ngakhale chosachita dzimbiri, mukapanda kutsukuluza ndi madzi n'kuumitsa. Mpeni wonyowetsedwa kawirikawiri chonchi uyenera kukhala wa stainless, ndipo chigumbu chake chisakhale chomwa madzi.

Musavutike ndi manambala ambiri a zitsulo amene ogulitsa amatchula. Kulimba kwa chitsulo amakuyeza ndi muyeso wa HRC. Mipeni ya Victorinox imakhala cha m'ma 56, ndipo imeneyi imabuntha msangako koma imathwanso m'mphindi ziwiri pamwala wamba. Zitsulo zina zolimba kwambiri, monga D2, zimafika 60 kapena kuposerapo. Zimakhalitsa zili zakuthwa, koma zikabuntha zimafuna mwala wa dayamondi, umene kuno suli m'sitolo iliyonse. Kwa munthu wonola yekha kunyumba, chitsulo chofewerapo ndicho chabwino. Mukaona 12C27 kapena 14C28N, zitsulo za ku Sweden, musakayike. Mukaona chitsulo cha mizere yokhotakhota chimene akuchitcha Damascus koma mtengo wake uli pansi, chisiyeni. Kawirikawiri mizereyo ndi yongojambula pamwamba, kapena zitsulo zimene anaphatikizazo n'zosadziwika.

Mwanena kuti mipeni yanu imagwedera. Vuto limeneli limachokera pamsomali umene chitsulo chimazungulirapo, ndipo mukhoza kuliona musanapereke ndalama. Tsegulani mpeni wonse, gwirani chigumbu ndi dzanja limodzi, msana wa chitsulo ndi zala ziwiri za dzanja linalo, muugwedeze cham'mbali. Mukamva kakusuntha, ngakhale kakang'ono, kadzakula. Kenako upindeni pang'onopang'ono mukumvetsera: mpeni wabwino umayenda mosalala, wopanda kukhukhuluza ngati muli mchenga, ndipo kumapeto umadzitseka wokha ndi kaphokoso komveka bwino. Ukatsekeka, uyang'aneni kuchokera pamwamba. Chitsulo chigone pakati, chisakhudze khoma la mbali iliyonse. Yendetsani chala pamwamba pa chigumbu cha kunsonga: nsonga ikatulukira ngakhale theka la milimita, idzakucheka tsiku limene ukupisa dzanja m'thumba kufuna makiyi. Pomaliza, ukwezeni ku dzuwa muone ngati kuwala kukudutsa pakati pa sipuling'i ya kumsana ndi makoma ake. Mipata imeneyi ndi imene imasunga dothi ndi madzi. Uzani mng'ono wanuyo achite zonsezi m'sitolo momwemo, ngakhale mpeniwo ukhale wa dzina.

Za loko, anthu amagawanika. Pali mipeni yopanda loko, imene sipuling'i ya kumsana yokha ndiyo imagwira chitsulo chikatseguka. M'masitolo amaitcha slipjoint. Pali ya loko wa kumsana, wodina ndi chala kuti upinde, ndi ina ya kachitsulo ka mkati kamene kamakankhidwira pambali. Ena amati wopanda loko ndi woopsa. Ine sindivomereza kwenikweni. Mpeni wopanda loko umapindikira zala ukagwiritsidwa ntchito yobaya, yoboola kapena yotsekulira zinthu mokakamiza, ndipo zimenezi si ntchito za mpeni waung'ono. Podula, mphamvu imakankhira chitsulo kotseguka. Chimene ndimaopa ine ndi loko wotchipa, chifukwa munthu amamudalira, n'kukanikiza mwamphamvu, iye n'kumasuka. Pa ntchito zanu, wopanda loko wopangidwa bwino ndi wokwanira, komanso ndi umene suchititsa anthu nthumanzi ukatuluka pamsonkhano.

Tifike ku mayina. Woyamba pa mndandanda wanga kwa inu ndi Victorinox Cadet wa chigumbu cha aluminiyamu, chimene kampaniyo imachitcha Alox. Kampaniyi inayambitsidwa ndi Karl Elsener mu 1884 ku Ibach, m'dziko la Switzerland, ndipo mpaka lero mipeni yake imapangidwira m'dziko lomwelo. Cadet ndi wotalika mamilimita 84 atapindidwa, salemera kufika magalamu 50, ndipo ndi woonda moti m'thumba la jekete simumva kuti ulimo. Kuwonjezera pa chitsulo chodulira muli chotsegulira mabotolo, chotsegulira zitini, zomasulira masikuluwu ndi tupa wa zikhadabo. Chigumbu chake chili ndi timizere toti chisaterereke, sichimwa madzi, sichisweka chikagwa pa simenti, ndipo mukhoza kuchitsuka ndi sopo tsiku lililonse. Chikakalamba chimangofwifwa m'mphepete, ndipo chimaonekabe chaulemu. Ngati manja anu ndi aakulu, pali Pioneer wa mamilimita 93, wolimbirapo, wokhala ndi chobowolera zikopa, koma wolemererapo. Mipeni ija yofiira ya zipangizo zambirimbiri, ya macheka, sizasi ndi galasi lokulitsira zinthu, ndi yabwino m'chikwama. M'thumba la thalauza ndi chipsinjo. Kaja kakang'ono kotchedwa Classic, ka mamilimita 58, n'koyenera pa makiyi, koma mbatatesi sikangaidutse bwino, choncho sindingakuuzeni kuti kakhale kokhako.

Wachiwiri ndi Opinel wa ku France, ndipo ngati mng'ono wanu ndalama zamuchepera, musaone ngati wakuchepetsani, chifukwa pa kudula kokha, mpeni uwu umaposa mipeni yambiri yokwera mtengo kuposa iwo. Joseph Opinel anayamba kuupanga mu 1890 m'dera la Savoie, ndipo maonekedwe ake sanasinthe kwenikweni: chigumbu chathabwa chozungulira, chitsulo chopyapyala, ndi mphete yachitsulo pakhosi imene mumaipotoza kuti chitsulo chisapindike. Mpheteyi inawonjezedwa mu 1955, ndipo imapezeka kuyambira pa nambala 6 kupita m'mwamba. Nambala 6 ili ndi chitsulo cha masentimita 7, nambala 7 cha masentimita 8, ndipo nambala 8, imene imagulidwa kwambiri, cha masentimita 8.5. Kwa inu ndi nambala 6, yolembedwa Inox, osati Carbone. Posenda pichesi, palibe mpeni waung'ono umene ndimaukonda kuposa uwu. Koma ndiyenera kukuuzani chofooka chake, ndipo chikukukhudzani: thabwa limafufuma likanyowa, n'kugwira chitsulo moti chikhadabo chimalephera kuchitulutsa. Eni ake ali ndi njira: amagogoda nsonga ya chigumbu patebulo, chitsulo n'kutuluka pang'ono. Mukhozanso kupaka vaselini pang'ono polumikizira kuti madzi asalowe m'thabwa. Komabe kwa munthu wotsuka mpeni kangapo pa tsiku ku Bembeke, ichi ndi chimene chauika pa nambala yachiwiri. Chigumbu chake chozungulira chimatumphukanso m'thumba. Ena amachipala ndi sandipepa mbali ziwiri kuti chiphwatalale, ndipo mmisiri wosema wa ku Mua akhoza kukuchitirani zimenezi mwaluso, n'kukulembaninso dzina pathabwalo.

Ndikudziwa kuti mng'ono wanu akamva za mpeni wopinda, dzina loyamba kumubwerera ndi Okapi, poti ndi umene anthu obwera ku Joni akhala akubwera nawo kuyambira kale. Unayamba kupangidwa ku Solingen, m'dziko la Germany, mu 1902, kuti uzigulitsidwa ku Africa, ndipo mu 1988 ntchito youpanga inasamukira ku South Africa. Ndi mpeni wantchito: wopepuka, wotchipa, wosavuta kunola. Koma uja wodziwika, wa mphete yokoka kumsana ndi zokongoletsa za mwezi ndi nyenyezi pachigumbu, ndi wautali, chitsulo chake nthawi zambiri ndi cha kaboni, ndipo ku South Africa dzina lake linamatirira ku nkhani za zigawenga za m'matauni. Ukatsegulidwa umalira, anthu n'kutembenuka. Usungeni wa kudimba ndi wosendera mbuzi pa Khirisimasi, osati wa m'thumba la suti.

Mwina adzaonanso mipeni yoonda yokongola, ya kanjuchi kachitsulo pamsana, yolembedwa Laguiole. Yeniyeni ya ku France ndi yokongoladi, koma ndi yodula, ndipo dzinali si la kampani imodzi. Yambiri yotchipa yokhala ndi dzinali imapangidwira ku China ndi ku Pakistan. Munthu wosaidziwa bwino aipewe.

Zachinyengo zilipo ngakhale pa Victorinox. Mtanda woyera pachigumbu, chizindikiro cha kampaniyi, si umboni, poti aliyense akhoza kuujambula. Atsegule chitsulo chachikulu ayang'ane patsinde pake: pakhale dzina la Victorinox lodindidwa mozama, zilembo zake zoyera bwino. Pa Opinel pamakhala chizindikiro cha dzanja ndi chisoti chachifumu pachitsulo. Agule m'sitolo yokhazikika yogulitsa katundu wa anthu okwera mapiri ndi ogona kutchire, atenge risiti, osati kwa munthu woyala panjira.

Mawu amodzi pa zigumbu zokongoletsa, poti mwati mukufuna wooneka bwino. Thabwa lolimba monga phingo, nyanga ya ng'ombe ndi fupa ndi zokongola, ngakhale nyanga imapindika ndi chinyezi ndipo fupa limang'ambika likagwa. Wina akakuonetsani chigumbu choyera n'kukunong'onezani kuti ndi mnyanga wa njovu, chokanipo. Lamulo loteteza nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo chilango chake chikhoza kufika zaka 30 kundende.

Malamulo amakhudzanso mpeni weniweniwo. Penal Code, malamulo a milandu a dziko lino, imaletsa kuyenda pagulu ndi chida choopsa popanda chilolezo kapena chifukwa chomveka. Mlangizi wokhala ndi mpeni waung'ono wopinda, wa chotsegulira mabotolo, chifukwa chake chimamveka chokha. Munthu wokhala ndi mpeni wakuda wotumphuka ukadina batani, wa nsonga yobayira, amakhala ndi zambiri zofotokoza pa rodibuloko. Mitundu imeneyo musaiganizire n'komwe. Pa ntchito siiposa mipeni wamba, ndipo masipuling'i ake ndi amene amayamba kufa. Ngakhale waung'onowo, usiyeni kunyumba popita kumalo omwera mowa, kubwalo la mpira, kukhoti kapena kumsonkhano wandale. Ndipo musamauganizire ngati chodzitetezera. Mpeni wotulutsidwa pa mkangano umakulitsa mkanganowo, ndipo mlandu umagwera mwini wake.

Ukafika, kuusamala sikufuna zambiri. Musaupereke kwa onola ndi makina a magetsi aja amene amanolera zikwanje ndi makasu: amatenthetsa chitsulo mpaka m'mphepete muchite mtundu wabuluu, ndipo pamene pachita buluupo kulimba kwatha, sikubwereranso. Gwiritsani ntchito mwala wonolera wosalala, wothira madzi. Goneketsani chitsulo pamwala, kwezani msana pang'ono, pafupifupi madigiri 20, ndipo dzanja lisasinthe. Nolani mbali imodzi mpaka chala chikamve kakuthwa kopindikira mbali inayo, kenako tembenuzani muchite chimodzimodzi, n'kumalizira ndi kukhudza mopepuka mbali zonse mosinthanasinthana. Pakati pa sabata simufunikanso mwala. Tengani kapu yadothi, ngati zija amaumba ku Dedza Pottery, muivundikire patebulo: mkombero wa pansi pake umakhala wosapakidwa zonyezimira, ndipo ndi wokwanira kudzutsa mpeni umene wayamba kubuntha. Kokani kangapo mbali iliyonse, kenako mupukutire pa lamba wachikopa, msana ukutsogola. Yesani papepala la nyuzipepala. Likadulidwa osang'ambika, mwatha.

Polumikizira pamafuna kadontho kamodzi ka mafuta pakapita nthawi. Mafuta a makina osokera amagwira bwino, koma popeza mpeni wanu uzikhudza zakudya, pukutani otsalira onse, kapena gwiritsani ntchito vaselini. Mafuta ophikira amauma n'kumata, kenako amasunga fumbi. Ulusi wa m'thumba ndi dothi zikadzaza mkati, chotsani ndi kamtengo ka machesi kapena mswachi wakale. Ndipo mpeni ukhale m'thumba lakelake, osati limodzi ndi makiyi ndi ndalama zachitsulo, zimene zimakanda chigumbu.

Popeza kwanuko ndi kwa zipatso, ndikuganiza kuti mudzafunanso kumezanitsa mapichesi ndi mitengo ina. Cadet akhoza kuchita ntchitoyi akanoledwa bwino, koma mpeni womezanitsira weniweni umanoledwa mbali imodzi yokha kuti podula pakhale pophwatalala, nthambi ziwiri zigwirane popanda mpata. Victorinox ndi Opinel onse amapanga mipeni yotere. Ngati ntchitoyi mumaigwira chaka ndi chaka, ukhale mpeni wachiwiri, wosungidwa wa ntchito yokhayo.

Choncho muuzeni mng'ono wanu kuti: Victorinox Cadet Alox, wamtundu wasiliva. Akausowa kapena mtengo ukamukulira, Opinel nambala 6 Inox. Ngati akubwera pa ndege, auike m'chikwama chachikulu chopita kumalo a katundu, chifukwa m'chikwama cha m'manja adzamulanda asanakwere. Ngati akubwera pa basi yodzera ku Tete n'kulowera pachipata cha Dedza, ukhale m'bokosi lake lomwe, pansi pa katundu, risiti ili pomwepo.